MAGETSI A DZUŴA KUMIDZI: MSIKA WAKE UMAKHALA PA MAFUWA ATATU

Madzulo ano maganizo athu ali ku Thambani, m'boma la Mwanza, kumapiri oyandikana ndi malire a dziko la Mozambique. Nkhani imene tikambirane ndi ya magetsi ochokera ku mphamvu ya dzuŵa, amene ambirife timangoŵatcha kuti sola. Funso lathu ndi ili: kodi chimafunika nchiyani kuti banja la kumudzi ligule sola, liigwiritse ntchito zaka zambiri, ndipo ikawonongeka lipeze woikonza?

Bwanji osangodikira mawaya?

Ena angafunse kuti, bwanji osangodikira mawaya a ESCOM? Funsoli nlomveka. Magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa pa mtsinje wa Shire. Malo oyamba aakulu opangira magetsiwo, a Nkula, adatsegulidwa m'chaka cha 1966 m'dera limene lero lili m'boma la Neno, koma kale lidali mbali ya boma la Mwanza. Tinganene kuti anthu a ku Mwanza akhala pafupi ndi chitsime zaka zoposa 50, koma ambiri a iwo sadamweko madzi ake.

Chifukwa chake chili m'masamu. Kukoka mawaya kumalira mitengo, matiransifoma ndi amisiri, ndipo ndalama zimenezi zimabwerera msanga kumene nyumba zathithikana. Kumene nyumba zamwazikana m'zitunda ndi m'zigwa, monga zilili m'midzi yambiri ya ku Thambani, mawaya aatali amangothandiza mabanja oŵerengeka. Ntchito ya boma yopereka magetsi kumidzi, ya MAREP, idayamba m'chaka cha 1980, ndipo kaŵirikaŵiri imayamba yafikitsa magetsi pa misika, pa zipatala ndi pa masukulu. Banja lokhala kuseri kwa phiri lingathe kudikira mpaka ana ake atakula. Koma dzuŵa limafika pa denga lililonse popanda waya.

Phunziro la tochi

Tisanapite patali, tiyeni tione zimene anthu akhala akuunikira m'nyumba zao. Kalembera wa 2008 adapeza kuti mabanja oposa 8 pa 10 alionse m'Malaŵi ankaunikira palafini. Ine amene ndikulankhula nanu ndidaŵerengerapo koloboyi ndili mwana, m'maŵa nkumadzuka m'mphuno muli bii ndi mwaye. Patangopita zaka 10, kalembera wa 2018 adapeza zina. Mabanja oposa theka ankaunikira matochi a mabatire, pafupifupi 11 pa 100 adali ndi magetsi a mawaya, pafupifupi 7 pa 100 adali ndi sola, ndipo koloboyi adali atatsala pang'ono kuiŵalika.

Taganizirani bwino za kusintha kumeneku. Palibe adayenda m'midzi kugaŵa matochi. Palibe msonkhano umene udalamula anthu kuti asiye palafini. Matochi adafalikira okha chifukwa cha zinthu zitatu: mtengo wake udali wofikirika, ankapezeka pa okala iliyonse ndi pa tsiku la msika lililonse, ndipo mabatire akatha, ena adali pomwepo. Zimenezi zikutiphunzitsa kuti munthu wa kumudzi amalipira kuunika sabata ndi sabata, ndiponso kuti sachedwa kulandira chinthu chatsopano chikamfika pafupi. Choncho wogula alipo kale. Chosoŵa ndi msika womufikira bwino.

Kodi sola imagwira ntchito bwanji?

Sola ya panyumba ili ndi ziwalo zinai. Choyamba ndi panelo, imene imaikidwa padenga ndi kusandutsa kuŵala kwa dzuŵa kukhala magetsi. Chachiŵiri ndi batire, limene limasunga magetsiwo kuti agwire ntchito usiku. Chachitatu ndi kachipangizo kotchedwa kontirola, kamene kamateteza batire kuti lisadzaze mopitirira muyeso kapena kutheratu mphamvu. Chachinai ndi mababu ndi zina zonse zimene timalumikizako. Panelo tingaifanizire ndi munda, batire ndi nkhokwe, ndipo kontirola ndiye mai wanzeru amene amadziŵa nthaŵi yotseka nkhokweyo.

Mphamvu imene banja lili nayo pa tsiku timaipeza pochulukitsa mawati ndi maola. Panelo ya mawati 50 ikalandira dzuŵa lamphamvu maola 5, imakolola 250. Mphamvu ina imatayika m'mawaya ndi m'batire, choncho tinene kuti yofika m'nkhokwe ndi 180. Mababu anai a mawati 3 lililonse, akayaka maola 5, amadya 60. Kutchaja lamya ziŵiri za m'manja kumadya pafupifupi 30. Wailesi ya kanema yaing'ono ya mawati 20, ikaonetsa maola 3, imadya 60. Zonse pamodzi zakwana 150, ndipo kanthu katsalako. Koma simbi ya magetsi ya mawati 1,000 ingapsereze nkhokwe yonseyo m'mphindi zosakwana 15. Madandaulo ambiri oti sola ndi yabodza amayambira pamenepa: wogulitsa sadafotokoze malire ake, ndipo wogula sadafunse.

Mphatso yopanda woisamala

Kwa zaka zambiri, maboma ndi mabungwe m'maiko osauka ankaganiza kuti njira yabwino ndiyo kungopereka sola kwaulere. M'Malaŵi muno tidaionanso njira imeneyi. Cha m'ma 2008 boma lidamanga magetsi ophatikiza mphamvu ya dzuŵa ndi ya mphepo m'midzi isanu ndi umodzi, monga Elunyeni ku Mzimba ndi Mdyaka ku Nkhata Bay. Anthu adakondwera, koma patapita zaka zoŵerengeka mabatire adafooka, ndalama zogulira ena padalibe, ndipo mdima udabwereranso. Aliyense amene wayenda m'midzi adaonapo panelo ili padenga la sukulu kapena la chipatala, ikung'anima ndithu, koma m'katimo muli zii.

Dzuŵa silidalakwe, ngakhalenso paneloyo. Panelo yabwino imatha zaka zoposa 20. Chimene chimafa msanga ndi batire, maka la mtovu ndi asidi, limene kaŵirikaŵiri limatha zaka ziŵiri kapena zitatu, mwinanso osafika pamenepo ngati silisamalidwa. Wopereka mphatso amabwera tsiku limodzi, koma batire limafuna munthu wokhala nalo chaka ndi chaka. Nchifukwa chake akatswiri adayamba kunena kuti chofunika ndi kumanga msika. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, boma, mothandizidwa ndi mabungwe a UNDP ndi GEF, lidayendetsa ntchito yotchedwa BARREM, imene idaphunzitsa amisiri a sola ndi kuthandiza kukhazikitsa malo oyesera zipangizo pa sukulu ya ukachenjede ya Mzuzu. Chimenechi chidali chiyambi chabe.

Amai onse amadziŵa kuti mphika sukhala pa mafuwa aŵiri. Msika wa sola nawonso umakhala pa mafuwa atatu: katundu wodalirika, malipiro ofanana ndi thumba la mlimi, ndi munthu wapafupi wogulitsa ndi kukonza. Tiyeni tiŵaone limodzi limodzi.

Fuwa loyamba: katundu wodalirika

Munthu akamagula mbuzi amaiona mano ndi miyendo. Akamagula panelo alibe poonera. Panelo yolembedwa kuti mawati 100 ingathe kumatulutsa ocheperapo, ndipo maso sangasiyanitse. Ena amagulitsidwa batire la galimoto, limene lidapangidwira kuliza injini kamphindi kochepa, osati kuunikira nyumba usiku wonse. Ena amalumikiza panelo ku batire popanda kontirola pofuna kupulumutsa ndalama, ndipo batirelo limafa chaka chisanathe.

Kuwopsa kwa katundu wachinyengo nkwakuti sapweteka wogula yekha. Pamudzi nkhani siichedwa. Nyali imodzi ikafa patangotha mwezi, mudzi wonse umagamula kuti sola nkutaya ndalama, ndipo wamalonda wachilungamo akabwera pambuyo amapeza zitseko zotseka. Pofuna kuthetsa vuto limeneli, World Bank ndi bungwe lake la IFC adayambitsa ntchito ya Lighting Africa m'chaka cha 2007. Ntchitoyi idakhazikitsa njira yoyesera nyali ndi masola aang'ono: kuŵala kwake, maola amene amayaka, kulimba kwake, ndi kuona ngati zolembedwa pa katoni zili zoona. Kuyambira 2020 kuyesaku kwakhala kukudziŵika ndi dzina loti VeraSol. Mwa malamulo ake, nyali yaing'ono iyenera kukhala ndi chitsimikizo cha chaka chimodzi, ndipo sola ya panyumba cha zaka ziŵiri. Kuno kwathu, bungwe loona za miyeso ya katundu la MBS ndi loyang'anira za mphamvu la MERA ndiwo ali ndi udindo woteteza wogula. Koma misika ya m'malire, monga ya ku Mwanza, imalandira katundu wochokera mbali zonse. Mlonda woyamba ndi wogula mwini, amene ayenera kufunsa lisiti ndi kalata ya chitsimikizo, imene amalonda amaitcha waranti.

Fuwa lachiŵiri: malipiro ofanana ndi thumba la mlimi

Vuto lalikulu la sola yabwino nlakuti ndalama zake zimafunika zonse poyamba. Tochi imadya pang'onopang'ono, ndipo pakutha pa zaka zingapo ingadye ndalama zoposa mtengo wa nyali ya sola, koma mwini wake samva kuŵaŵa chifukwa amatulutsa zochepa sabata iliyonse. Mlimi wa ku Thambani alibe malipiro a pamwezi. Ndalama amaziona akagulitsa manachesi m'nyengo yozizira, kapena nandolo m'chilimwe, ndipo zikafika zimapeza feteleza, fizi ya ana ndi ngongole zikudikira pakhomo.

Njira imene yasintha zinthu ndi ya kulipira pang'onopang'ono kudzera pa lamya. Idatchuka ku Kenya, kumene kampani ya M-KOPA idayamba kugulitsa masola motere m'chaka cha 2012. Wogula amapereka ndalama yoyambira, ndipo amapatsidwa sola. Kenaka amatumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, nkulandira manambala amene akaŵaloŵetsa m'kabokosi ka solayo, magetsi amayaka masiku amene walipirawo. Akaleka kulipira, kabokosiko kamadzitseka. Akamaliza ngongole yonse, kamatseguka kotheratu ndipo sola imakhala yake. Akuluakulu adati pang'onopang'ono ndi mtolo. Makampani monga Yellow, Zuwa Energy ndi VITALITE ndi ena mwa amene adafalitsa njira imeneyi m'Malaŵi.

Njirayi ili ndi ubwino wina wobisika. Popeza wogulitsa amalandira ndalama zake pang'onopang'ono, iyenso amafuna kuti solayo isafe, pakuti ikafa wogula amaleka kulipira. Motero fuwa lachiŵiri limachirikiza loyamba.

Boma lidathandizapo m'njira ziŵiri. M'chaka cha 2019 lidachotsa msonkho wa VAT pa zipangizo za sola. Chaka chomwecho World Bank idavomereza ndalama zokwana madola 150 miliyoni za ntchito yofalitsa magetsi m'Malaŵi, ndipo mwa ndalama zimenezi, madola 20 miliyoni adapita ku thumba lotchedwa Ngwee Ngwee Ngwee. Thumbali lidayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2023, ndi cholinga chofikira mabanja 200,000 pobwereketsa ndalama kwa makampani a sola ndi kuchepetsako mtengo kwa wogula. Onani kusiyana kwake ndi njira yakale ija: boma silidagaŵe masola, koma lidalimbikitsa ogulitsa kuti afike kumidzi.

Komabe tisabise mau. Wolipira pang'onopang'ono amalipira zambiri kuposa wogula ndi ndalama zonse nthaŵi imodzi. Ndiponso m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zili mbee, banja lingakakamizike kusankha pakati pa ufa ndi kuunika. Wogulitsa wanzeru ku dera ngati la Thambani ayenera kulola mlimi kulipiriratu zambiri nthaŵi ya manachesi ndi nandolo, kuti apumeko nthaŵi ya njala. Nawo magulu a banki m'khonde angathandize mamembala ao kupeza ndalama yoyambira ija.

Fuwa lachitatu: munthu wapafupi

Tiyerekeze kuti mai wina wa kuseri kwa nkhalango ya Thambani wagula sola yabwino, ndipo akulipira mokhulupirika. Tsiku lina babu silikuyaka. Ngati womuthandiza ali ku Blantyre, ndalama ya ulendo ingapose mtengo wa chimene chawonongekacho, ndipo solayo idzangoikidwa pansi pa bedi. Koma ngati pa msika wa Thambani pali mnyamata kapena mtsikana wodziŵa kuyesa batire, kulumikiza waya woduka ndi kusintha babu, vutolo litha tsiku lomwelo. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno.

Bungwe la SolarAid, kudzera m'nthambi yake ya malonda ya SunnyMoney, lidazindikira kuti kumudzi anthu amagula kwa munthu amene amamkhulupirira. Lidayamba kugulitsa nyali kudzera mwa aphunzitsi aakulu a masukulu a pulaimale. Ife amene tidaphunzira zauphunzitsi tikudziŵa chifukwa chake njirayi idagwira: kholo limamvera mphunzitsi pa nkhani ya maphunziro a mwana wake, ndipo nyali imodzi ikaloŵa m'nyumba, anansi amaiona usiku womwewo. Pambuyo pake bungweli lidayamba kuphunzitsa ogulitsa a m'midzi momwemo, kuphatikizapo magulu a amai otchedwa Mayi Walas.

Dziko la Bangladesh likutipatsa chitsanzo chachikulu. Pakati pa 2003 ndi 2018, bungwe la boma la IDCOL lidathandiza kugulitsa masola a panyumba oposa 4 miliyoni. Chinsinsi chake chidali chakuti wotolera ngongole ankafika pakhomo mwezi uliwonse, ndipo ulendo womwewo ankaona ngati solayo ikugwira bwino ntchito. Koma kumapeto kwa nyengoyo malonda adatsika kwambiri, chifukwa mawaya adafika m'midzi mofulumira ndipo ntchito zina za boma zidayamba kugaŵa masola aulere. Anthu ambiri adaleka kubweza ngongole. Phunziro lake nlakuti mphatso yoperekedwa mosalingalira ingathe kugumula msika umene udatenga zaka kuumanga.

Zopinga zimene zatsala

Chopinga choyamba ndi ndalama zakunja. Mapanelo ndi mabatire amagulidwa kunja ndi madola, pamene wogula amalipira makwacha kwa chaka chimodzi kapena ziŵiri. Mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kampani imene idakongoza sola kwacha isanagwe idalandira ndalama zosakwanira kugula sola ina yoloŵa m'malo. Nchifukwa chake mitengo yakhala ikukwera kuno kwathu, ngakhale kuti pa dziko lonse mtengo wa mapanelo udatsika ndi magawo pafupifupi 9 mwa magawo 10 pakati pa 2010 ndi 2020.

Chopinga chachiŵiri ndi umphaŵi weniweni. Alipo okalamba, amasiye ndi ena amene sangathe ngakhale ndalama yoyambira. Kwa Mfumu Yaikulu Kasakula, m'boma la Ntchisi, SolarAid idayamba mu 2021 kuyesa njira ina ndi nyumba 500: sola imakhalabe ya bungwe, banja limangolipira kandalama kochepa ka magetsi amene lagwiritsa ntchito, ndipo kukonza konse kumakhala kwa bungwelo ndi antchito ake a m'deralo. Imeneyi si mphatso yongosiya pakhomo, pakuti mafuwa atatu aja onse alipo.

Chachitatu, tisayembekeze zimene sola yaing'ono singathe. Siphika nsima. Nkhalango ya Thambani, imene yavutika ndi kuwotcha makala, siidzapulumuka ndi mababu okha. Imeneyo ndi nkhani ya mbaula ndi ya kubzala mitengo. Chimene sola ingachite ndi kupatsa achinyamata njira zina zopezera ndalama, monga kumeta tsitsi, kutchajitsa lamya, kusoka madzulo, ndi kuthirira dimba ndi pampu yoyendera dzuŵa. Ndipo sola imene ikubweretsa ndalama imadzilipirira yokha.

Mau kwa wogula

Tsono inu amene mukulingalira zogula sola, kaya muli ku Thambani kaya kwina kulikonse, sungani mau aŵa. Yambani mwaŵerenga zimene mufuna kuyatsa ndi maola ake, monga tachitira muja. Funsani wogulitsa mafunso atatu: ndalama zonse pamodzi zidzakwana zingati, chitsimikizo nchautali bwanji, ndipo ikawonongeka ndidzapita kwa yani? Akalephera kuyankha funso lachitatu, bwezani ndalama zanu m'thumba. Poika panelo, ipenye kumpoto, pakuti dziko lathu lili kumwera kwa pakati pa dziko lapansi, ndipo ipendekeke pang'ono kuti mvula izitsuka. Mthunzi wa mtengo usaifike, ngakhale pangodya pokha. M'chilimwe muziipukuta fumbi ndi kansalu konyowa. M'masiku a chiperoni, pamene mitambo yaphimba mapiri, chepetsani maola a wailesi ya kanema kuti batire lisatheretu. Batire lakufa musalitaye pamene ana amaseŵera, chifukwa mtovu ndi asidi ndi poizoni.

Kwa mafumu, aphunzitsi ndi a makomiti a chitukuko, pempho ndi ili: bungwe likabwera ndi masola m'dera lanu, lifunseni kuti lidzasiya ndani wokonza, ndipo ndalama za batire lachiŵiri zidzachokera kuti. Kwa achinyamata amene mwamaliza sukulu, umisiri wa sola ndi ntchito imene ikukudikirani kwanu komweko. Mutu umodzi susenza denga: wogulitsa, wogula, mmisiri ndi boma, aliyense ali ndi mbali yake.

Dzuŵa la ku Thambani lidzatulukanso maŵa monga lidatulukira dzulo. Kuti mwana wa Sitandade 8 aŵerenge nalo usiku, zili kwa ife kuika mafuwa atatuwo m'malo mwake.